Musanagule kapinga wapulasitiki, konzani kaye pansi

A Mkonzi,

Tikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti tikambeko za kapinga wapulasitiki, uja ogulitsa kuno ku Mozambique amati relva sintética. Ife ndife amisiri a mabwalo ndi ngalande m'chigawo cha Tete. Makolo ndi aphunzitsi amene adaonapo bwalo lobiriwira ngati la Kamuzu Stadium ku Blantyre amafunsa ngati zoterezi sizingatheke pasukulu pawo, ndipo ena akumufuna kuseri kwa nyumba kuti ana azisewerera pakhomo. N'zotheka ndithu. Chotidandaulitsa n'chakuti funso loyamba limakhala lakuti kapingayo ndi mametikali angati pa sikweya mita, ngati kuti bwalo ndi kapetiyo basi. Kapeti ndi chofunda chabe. Bwalo lenileni ndi dothi, miyala ndi ngalande zimene zili pansi pake, ndipo zimenezi zikalakwika palibe kapinga, ngakhale wodula chotani, amene angabise cholakwacho mvula ikayamba.

Kapingayu ndi ulusi wapulasitiki, kawirikawiri wa polyethylene, wosokedwa pa chinsalu cholimba. Kunsi kwa chinsalucho amapakako phula la latex kapena polyurethane kuti ulusi usazuke, n'kuboola timabowo todutsa madzi. Kusiyana kwake kwagona pa kutalika kwa ulusi. Wa mamilimita 40 mpaka 60 ndi wa mpira wamiyendo makamaka, ndipo amafuna mchenga m'munsi ndi timibulu ta mphira pamwamba. Wa mamilimita 20 mpaka 25, wothira mchenga wokha, ndiye amene ife timamuona woyenera sukulu, chifukwa pabwalo limodzi anyamata amenya futsal (mpira wamiyendo wa osewera asanu mbali iliyonse), atsikana ntchemberembaye, mawa lake andebol (mpira woponyera m'golo ndi manja) kapena volibolo. Basiketibolo yokha ndi imene sigwirizana naye, poti mpira wake sunjanja bwino pa ulusi. Sukulu imene mtima wake uli pa basiketibolo ingothira konkire yosalala. Palinso wina wofewa, wa timaulusi takhaki topotana m'munsi, wokongola kwambiri akamuyala m'sitolo. Ameneyo ndi wa pakhonde ndi pamalo a ukwati. Pabwalo la sukulu sachedwa kugona pansi ndi kuthothoka.

Nkhani ya kutentha isabisidwe. Kapinga ameneyu adatchuka mu 1966 pamene adamuyala m'bwalo la Astrodome mumzinda wa Houston ku America, bwalo lofolera limene udzu weniweni udakanika kukhalamo. Kumeneko kudali pansi pa denga. Ife tikumuyala pa dzuwa la m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Udzu weniweni umadziziziritsa wokha potulutsa chinyezi, pomwe pulasitiki amangosunga moto. Dzuwa likafika paliwombo, pamwamba pa kapingayu pamatha kufika madigiri 60, mwinanso 70 ngati pali timibulu takuda ta matayala ogaya. Ana athu ambiri amasewera opanda nsapato, ndipo m'sukulu zolowa kawiri, nthawi imene a m'mawa akuweruka, a masana akufika, ndi yomweyo imene bwalo limaotcha ngati chiwaya. Mwana amatuluka matuza kuphazi, akagwa n'kusupuka bondo. Kuthira madzi kumaziziritsa kwa mphindi 20 kapena 30 zokha, ndipo sukulu yodalira mjigo umodzi singakwanitse.

N'chifukwa chake ku Tete, ku Moatize ndi m'chigwa monse ife tikuti mphira wakuda asaikidwe pabwalo la ana. Ngakhale maiko a European Union adakhazikitsa lamulo mu 2023 loti kuyambira mu 2031 timibulu timeneti tisadzagulitsidwenso kumeneko, chifukwa timakokoloka n'kukathera m'mitsinje. Mchenga woyera sutentha chimodzimodzi, komabe masewero akhale a m'mawa ndi madzulo. Mphunzitsi aziika kumbuyo kwa dzanja lake pa kapinga. Akalephera kupirira kwa kamphindi, ana asalowe. Ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumapiri kozizira, vuto limeneli n'lochepa. Kumeneko mdani wamkulu ndi mvula.

Pogula musakhutire ndi chithunzi cha pa WhatsApp. Itanitsani kachidutswa pamodzi ndi pepala la kufakitale lonena kutalika kwa ulusi, nambala ya dtex yosonyeza kunenepa kwake, kulemera kwa kapeti pa sikweya mita, ndi zaka zimene akulonjeza kuti dzuwa silidzaufumbutsa. Kachidutswako kayeseni. Kokani tsumba limodzi la ulusi ndi zala. Likazuka mosavuta, kasiyeni. Kapindeni n'kupala kunsi kwake ndi chikhadabo. Phula likamayoyoka ngati choko, ndiye kuti adachulutsamo ufa wa miyala kuti litchipe. Wogulitsa akati "uyu ndi wa FIFA", dziwani kuti chiphaso cha FIFA chimaperekedwa kwa bwalo lomalizidwa, akatswiri ataliyesa pomwe lilipo, osati kwa mpukutu umene uli m'sitolo. Mipukutu yonse ikhale yopangidwa ulendo umodzi, apo ayi kubiriwira kwake kudzasiyana.

Tsopano malo. Padambo ayi. M'munsi mwa chitunda momwe madzi a madenga a sukulu yonse amatsikira ayi. Pafupi ndi bulugama kapena mango ayinso, chifukwa mizu imatukula bwalo ndipo masamba amaolerapo. Kumbani maenje anayi kapena asanu akuya theka la mita, muwadzaze madzi madzulo, mukawaone m'mawa. Akaphwa, dothilo limamwa. Akakhala chikhalire, dziwani kuti ntchito yonse yochotsa madzi idzatsalira ngalande zanu. Katondo akatsindiridwa bwino amagwira. Makande ndiwo oopsa: m'dzinja amafufuma, m'chilimwe amang'aluka ming'alu yolowa dzanja, ndipo chilichonse chomangidwa pamwamba pake chimasuntha nawo. Pa makande kumbani masentimita 40 kapena 50, mubwezeremo dothi la lubwe, lija omanga misewu amati saibro. Chulu musangochidula mutu. Chiswe sichidya pulasitiki, koma mphanga zake zimatitimira madzi akalowamo, ndipo pamwamba pamabadwa dzenje. Fukulani chulucho mpaka pansi penipeni, mukwirire ndi lubwe pang'onopang'ono uku mukutsindira.

Titenge chitsanzo cha bwalo la mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi. Umenewu ndi muyeso wa futsal ndi andebol, ndipo ntchemberembaye, ya mamita 30.5 ndi 15.25, komanso volibolo, ya 18 ndi 9, zimakwanamo bwinobwino. Onjezani mamita awiri mbali zonse kuti wothamanga asakagwere pasimenti. Zikhala 44 ndi 24, masikweya mita 1,056. Nambala zimenezi sitinangozitola. Mipukutu yambiri imabwera ya mamita 4 m'lifupi, ndiye mipukutu 11 yoyalidwa chopingasa imatseka bwalo lonse popanda chotaya. Uliwonse uitanitsidwe wotalikirako ndi masentimita 20 kapena 30 odzadula pomaliza. Makona awongoleni ndi chingwe monga amachitira omanga nyumba, mamita atatu mbali iyi, anayi mbali iyo, asanu chopingasa. Potsimikiza yezani kuchoka pakona kukafika pakona yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri. Zonse zikhale mamita 50 ndi masentimita 12.

Chotsani dothi lonse lapamwamba, la mizu ndi manyowa, masentimita 20 mpaka 25. Ndi dothi lopitirira makiyubiki mita 200, choncho konzeranitu kokalithira. Kudimba la sukulu silingapite pachabe. Mizu ya kapinga weniweni ndi ya dawe izulidwe yonse, poti ikatsala imadzatulukira m'mphepete ndi m'timabowo ta kapeti. Kutsetsereka kwa bwalo kumapangidwa pompano, padothi, osati pomaliza. Pakati pa bwalo m'litali pakhale kamsana, ndipo mbali ziwirizo zizitsika sentimita imodzi pa mita iliyonse, kutanthauza masentimita 12 kuchoka pamsana kukafika m'mphepete. Wosewera sangakuzindikire kutsetsereka kotere, koma n'kokwanira kuyendetsa madzi. Ngati palibe makina oyezera, paipi yoonekera mkati yodzaza madzi, ija amayezera levulo ya maziko, ikukwana. Khomani zikhomo pa mamita asanu alionse, mulembe pachikhomo chilichonse pofika dothi, pofika miyala ndi pofika fumbi.

Walira mvula walira matope, ndiye tiwerengere madzi ake. Mvula ya mamilimita 50, imene kuno imatha kugwa madzulo amodzi mu Januwale, imasiya malita 52,800 pabwalo lotere, migolo 264 ya malita 200. Madzi onsewa ayenera kukhala ndi kopita. M'mbali ziwiri zazitali kumbani ngalande za masentimita 30 m'lifupi ndi 40 kapena 50 kuya, muyalemo chinsalu cha geotextile, chija chimalola madzi kudutsa koma chimatchinga dothi, mugonekemo paipi yobooleza ya mamilimita 110, muikwirire ndi miyala yotsuka, kenako mupindire chinsalucho pamwamba kuti matope asalowe. Paipiyo izitsika sentimita imodzi pa mamita awiri alionse. M'makona mumange timabokosi ta njerwa tokhala ndi zivundikiro, tolowetsera waya paipi ikatsekeka. Potulukira madzi pasaloze ku makalasi, ku zimbudzi kapena kumunda kwa mwini. Akhoza kupita ku nthochi kapena kuthanki. Ngati kumtunda kwa bwalo kuli chitunda, kumbaninso mgula wokhotetsa madzi asanafike. Kuzungulira bwalo lonse, mamita 136, muike lancil, mkombero wa simenti ngati wa m'mphepete mwa msewu, wokhazikika pakonkire. Iyeyu ndiye amagwira miyala kuti isamwazikire kunja. Popanda iye m'mphepete mumayamba kugumuka, ndipo kugumukako kumalowa mkati chaka ndi chaka.

Dothi litsindiridwe mpaka lole yodzaza itadutsapo osasiya matayala ake atadindika. Pamene pakufewa ngati siponji pafukulidwe, pabwezeredwe lubwe. Mukatero yalani geotextile wa magalamu 150 mpaka 200 pa sikweya mita, zidutswa zake zikwerane ndi masentimita 30. Ntchito yake ndi kulekanitsa dothi ndi miyala uku akulola madzi kudutsa. Akasowa, matope amakwera, miyala imamira, ndipo pakatha madzinja awiri bwalo limakhala la mabampu. Ena pofuna kupulumutsa ndalama amayala pepala lakuda lapulasitiki. Limenelo limatsekera madzi m'kati mwa miyala, bwalo n'kusanduka dziwe lobisika.

Pamwamba pa chinsalucho pabwere brita, miyala ya kwale yoswedwa ndi makina, masentimita 15. Powerengera ndi makiyubiki mita 158, koma gulani pafupifupi 190 chifukwa potsindira imatsika. Ikhale ya makona akuthwa kuti ilumane. Nsangalabwi za mumtsinje n'zosalala, zimangogubuduzika, ndipo zibuma za njerwa zimafumbutuka zikanyowa. Cholakwa chimene chimachitika kwambiri ndi kuthira masentimita 15 onsewo nthawi imodzi n'kuyendetsapo kompakita, makina otsindirira. Kompakita yaing'ono ija yokankha imagwira masentimita 7 kapena 8 okha. Pamwamba pamaoneka polimba, pansi pali pofewa. Thirani kawiri, ndipo ulendo uliwonse muwaze madzi pang'ono, muyendetse makina kanayi kapena kasanu, m'litali kenako chopingasa. Pomaliza thirani pó de pedra, fumbi la kwale, masentimita atatu okha, makiyubiki mita pafupifupi 40. Likhale lachinyezi loti mukalifumbata ligwirane koma osatuluka madzi. Fumbili ndi losalazira basi. Amene amalichulutsa pofuna kukwirira maenje a pansi amadzaona likukokoloka mvula yoyamba, komanso likachuluka ufa limauma gwa ngati simenti, madzi osalowanso.

Kusalala kwake kuyesedwe ndi thabwa lowongoka kapena chitsulo cha aluminiyamu cha mamita atatu. Ligonekeni paliponse, m'litali ndi chopingasa, mugwade n'kuyang'ana kunsi kwake. Ngati pensulo ikulowa pakati pa thabwa ndi pansi, pamenepo pakonzedwe. Kadzenje kosaoneka lero kadzakhala chithaphwi mawa, ndipo m'chithaphwi mumamera ndere zoterera.

Apa tili ndi malangizo amene ambiri sawakonda chifukwa amachedwetsa mwambo wotsegulira bwalo. Ntchito ya pansiyi ichitike pakati pa Meyi ndi Sepitembala, kenako bwalolo lisiyidwe lopanda kapeti dzinja lonse. Mvula idzakuonetsani yokha pamene pakutitimira ndi pamene madzi akuima, ndipo kukonza nthawi imeneyo ndi wilibala ziwiri za fumbi. Kapeti ikamatidwa ndi kuthiridwa matani a mchenga, kukonza komweko kumafuna kuing'amba. Akuluakulu adati mmera mpoyamba. Kuteroku kumathandizanso sukulu kugawa ndalama pazaka ziwiri.

Mpukutu umodzi wa masikweya mita 96 umalemera makilogalamu 200 kapena kuposerapo, choncho pafunika anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, ndi chitsulo cholowetsa pakati pake ponyamula. Osaukhwekhwereza pafumbi losalazidwa. Ngati thumba likulola, pansi pa kapeti yaifupi muyambe mwayala chofewetsa cha mamilimita 10 kapena 12, chimene chimateteza mutu ndi mawondo mwana akagwa. Mipukutu yonse iyalidwe ulusi wake utapendekera mbali imodzi. Umodzi ukatembenuzidwa, mtundu wake umaoneka wina ndipo mpira umasintha mayendedwe ukafika pamenepo. Mukayala musathamangire kudula. Isiyeni padzuwa tsiku lathunthu kuti makwinya a m'mpukutu atheretu. Pulasitiki amatambasuka kukatentha, kukazizira n'kukhwinyata. Mukadula masana kuli ng'aa, usiku misoko idzakokana n'kuyasama. Mukadula mbandakucha kuli zii, masana idzatukumuka. Dulani ndi kumata panthawi yofanana tsiku lililonse. M'chigwa nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa lisanakwere kapena chakumadzulo. Ku Ulóngwe mu Juni ndi Julaye dikirani mame aume kaye, chifukwa guluu sagwira ponyowa ndipo kukazizira kwambiri amachedwa kuuma.

Bwalo likayamba kuwonongeka pamwamba, limayambira m'misoko. Apa pali misoko 10 ya mamita 24, yonse pamodzi mamita 240. Dulirani kunsi kwa kapeti, osati pamwamba, ndi mpeni wakuthwa wosinthasintha malezala, mutaye mizere iwiri kapena itatu ya m'mphepete mwa mpukutu uliwonse. Mbali ziwirizo zikumane mosiya kampata ka mamilimita awiri kapena atatu. Zikakwerana pamatuluka kamzere kotukuka kopunthwitsa, zikatalikirana pamaoneka mpita. Pindirani mbali zonse ziwiri kumbuyo, mugoneke lamba womatira wa masentimita 30 pakati penipeni. Guluu wake ndi wa polyurethane wa zitini ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono, zosakaniza zonse pamodzi mpaka mtundu ukhale umodzi. Musagawe mongoyerekeza, ndipo musamusungunule ndi petulo kapena thina. Mpakeni ndi chopakira cha mano, magalamu 400 mpaka 500 pa mita iliyonse. Kukatentha guluuyu amayamba kulimba m'chitini pasanathe theka la ola, ndiye sakanizani chitini chimodzi, chithe, kenako china. Pobwezera kapeti wina azitsogola akukweza ulusi wa m'mphepete ndi zala kuti usamire m'guluu. Pondani msoko wonse phazi ndi phazi, mubwerezenso pakapita mphindi 20, muikepo matumba a mchenga, ndipo pasapite munthu mpaka mawa. Guluu wa nsapato uja amati kontakiti asayandikire ntchito imeneyi, chifukwa dzuwa limamufewetsa ndipo madzi amamumatula.

Mizere ili pawiri. Yokhalitsa ndi yodula kapeti n'kulowetsamo kapinga woyera, masentimita 8 m'lifupi pa futsal, 5 pa masewero enawo. Ya futsal yokha ndi mamita pafupifupi 200, ndiye lamba yense akhala mamita 440 ndipo guluu makilogalamu 200. Koma mzere uliwonse wodula ndi misoko ina yowonjezera. Ife timati dulani ya masewero amodzi kapena awiri, yotsalayo ilembedwe ndi penti wa madzi wobwereza chaka ndi chaka.

Mchenga si wokongoletsera. Ndiwo umalemeretsa kapeti kuti isasunthe, umaimiritsa ulusi, ndiponso umateteza chinsalu cha pansi ku dzuwa. Pa ulusi wa mamilimita 20 mpaka 25 pamalowa makilogalamu 20 mpaka 25 pa sikweya mita, malinga ndi pepala la kufakitale. Pabwalo lathuli ndi matani pafupifupi 26, matumba opitirira 500 a makilogalamu 50. Wofunika ndi wa silica, wobulungira, wa pakati pa theka la milimita ndi milimita imodzi, wotsuka ndi wouma. Anthu adzafunsa kuti bwanji osangotapa mu Zambezi kapena mu Revúbuè. N'zotheka, koma osati wongotapa n'kuthira. Uyeseni kaye: thirani mchenga theka la botolo, mudzaze madzi, mukhutchumule, muusiye usiku wonse. Mukapeza kamzere ka matope pamwamba pa mchengawo, ndiye kuti matope omwewo adzatseka timabowo ta kapeti, bwalo n'kuuma gwa ngati msewu. Wotero utsukidwe mpaka madzi ake ayere, usefedwe ndi waya wa pawindo wotchinga udzudzu kuti timiyala titsale, uyanikidwe pa lona mpaka uziyoyoka m'manja ngati shuga. Wonyowa sulowa pakati pa ulusi, umangokhala zibuma pamwamba. Fumbi la kwale lisalowe m'malo mwa mchenga, chifukwa ndi lakuthwa ndipo limacheka ulusi. Pothira muyambe mwapesa kapinga ndi bulashi yolimba ya nayiloni motsutsana ndi kumene ulusi wapendekera, muwaze mchenga pang'ono, mupesenso, n'kumabwereza choncho kanayi kapena kasanu mpaka nsonga za ulusi zitsale mamilimita awiri kapena atatu. Mukakhuthula wonse nthawi imodzi mumakwirira ulusi uli chigonere, ndipo sudzadzukanso. Matumba 20 kapena 30 atsale m'sitolo ya sukulu, poti mchenga umatsika m'miyezi yoyamba.

Za kuseri kwa nyumba sitichulutsa, popeza njira ndi yomweyi koma yaing'ono. Pa kabwalo ka mamita 10 ndi 6, brita ya masentimita 8 kapena 10 ikukwana, kutsetsereka kuloze kutali ndi maziko a nyumba, ndipo madzi a padenga akhale ndi njira yawo. M'mphepete khomani misomali yaitali ya masentimita 15 pa masentimita 30 kapena 40 alionse, kapena mumatire pa lancil. Ngati pali kale simenti, thiranipo ndowa zingapo za madzi muone kumene akupita musanayale, ndipo chivundikiro cha dzenje la chimbudzi chisatsekedwe. Mbaula ikhale kutali. Polyethylene amasungunuka pa madigiri ongopitirira pang'ono 100, moti khala limodzi lothetheka limasiya chipsera chosapola. Magalasi a mawindo onyezimira nawonso amatha kusonkhanitsa dzuwa pamalo amodzi n'kufotetsa ulusi. Agalu akamakodzerapo, tsukani ndi madzi ambiri, apo ayi fungo lake m'chilimwe silipiririka.

Amene amanena kuti kapingayu safuna chisamaliro sakunena zoona. Safuna kutchetcha, inde, koma amafuna kupesedwa sabata iliyonse, makamaka pagolo ndi pomenyera penate pamene mchenga umathawa. Ukathawa ulusi umagona, nsapato zimayamba kudya chinsalu. Masamba atoledwe asanaole. Ku Moatize ndi kulikonse kwa fumbi lambiri kupesa kukhale kwa pafupipafupi, ndipo pachipata pakhale simenti yopukutira mapazi kuti matope asalowe. Msoko ukayasama ngakhale pang'ono umatidwe sabata yomweyo, chifukwa chala cha mwana chikakodwamo, kampata ka masentimita 10 kamasanduka mita. Zidutswa zotsala zisungidwe pamthunzi zodzaikira zigamba. Mpanda wa waya ndi wofunika chifukwa cha mbuzi ndi ng'ombe, ndipo kuzungulira mpandawo kulambulidwe mamita angapo nyengo yotentha tchire isanafike, poti moto wa osaka mbewa ukafikapo ntchito yonse yatha. Tikudziwanso kuti bwalo la sukulu kwathu kuno ndi la msonkhano, la chikondwerero, nthawi zina loyanikapo chimanga. Mipando ya miyendo yachitsulo, galimoto ndi njinga zamoto zimaboola ndi kung'amba kapeti. Nkhani imeneyi ikambidwe ndi mafumu ndi makolo bwalo lisanamangidwe, kuti pasadzakhale kukwiyirana pambuyo.

Ngakhale wosamalidwa bwino, kapingayu amatha pakapita zaka 8 mpaka 10, ndipo pa dzuwa la m'chigwa tisayembekezere zoposa pamenepo. Sukulu imene singathe kumasungako ndalama yodzagulira wina, kapena imene ilibe zimbudzi zokwanira ndi madzi akumwa, isachite manyazi kuima pa bwalo ladothi losalazidwa bwino lokhala ndi ngalande. Ku Angónia kumene mvula imagwa yokwanira, kapinga weniweni wobzala ndi kutchingira ziweto amachita bwino ndithu.

Kwa a Conselho da Escola, komiti ya sukulu, amene atsimikiza kumanga, pempho lathu ndi ili. Pangano ndi kontilakita lilembedwe, ndipo litchule masentimita a brita, mtundu wa chinsalu, kutsetsereka, makilogalamu a mchenga ndi dzina la guluu. Malipiro akhale a gawo ndi gawo. Brita isanathiridwe, makolo awiri kapena atatu akaone chinsalu ndi mapaipi ndi maso awo, athire ndowa ya madzi m'kabokosi ka kumtunda, akaidikire potulukira. Kapeti isanayalidwe, atenge thabwa lija la mamita atatu ndi pensulo ayende nazo bwalo lonse, akumbenso pamalo atatu osankha okha kuti ayeze kuya kwa miyala. Gawo lomaliza la ndalama, limodzi mwa magawo khumi, ligwiridwe mpaka kumapeto kwa Malichi, ndipo liperekedwe pokhapokha ngati patatha ola limodzi mvula yamphamvu itakata, pabwalo palibe chithaphwi.

Ndife,
Amisiri a mabwalo ndi ngalande,
Ulóngwe, Angónia.